Kumene Mathiraki Amagona

Usiku wathawu ndinalota ndikuthamangitsa thiraki nditasenza poto wa nyemba pamutu, ndiye musandifunsenso chimene maso anga afiirira chonchi. Iwe Filesi usaseke, unalimo nawenso. Nachisale sendera kuno, ndimalize belu lisanatibwezere kosankha mtedza.

Koma ndiyambe ndakuuzani zimene ndinagona nazo. Dzulo poweruka foni inalira ndili m'minibasi. Anali bambo a Yankho, a Wyson. Mukudziwa kuti chisiyanirane chathu zaka zitatu zapitazo amayimba mwa apo ndi apo, akakhala pamzere kumalire ndi thiraki yawo n'kusowa wocheza naye. Dzulo sanali ocheza. Anati Loweruka adutsa kuno, ndiye akufuna amutenge mwana azikakhala naye ku Blantyre, kuli sukulu yabwino pafupi ndi nyumba, ndipo mkazi wawo watsopano wavomera kale. "Iwe umaweruka mochedwa, mwana amangokhala pamsewu kuwerenga malole," anatero.

Ndipo ndi zoona, anzanga. Yankho wanga ali ndi zaka zisanu, ndipo atsikana anzake akamaphika masanje iye amakhala pachulu cha kuseri kwa nyumba, maso ali kumsewu waukulu. Thiraki ya mafuta ndi ya fodya amazisiyanitsa zikadali kutali, pongomva kulira kwake. Zilembo sanazigwire bwino, koma matayala amawerenga mpaka twente-thuu. Chakudya sachikhudza mpaka umuuze kuti ndi dizilo. Ndiye munthu wotere akamva kuti adadi akufuna amukweze thiraki, mukuganiza angacheukenso? Ndinangoti, "Ndamva," n'kudula foni. Nditafika kunyumba sindinaphike n'komwe. Mwana ndinamupatsa tiyi ndi buledi wotsala m'mawa, iye sanadandaule, ine n'kudzigwetsa pabedi ndi zovala za kuntchito.

M'malotomo kunali masana, dzuwa lili paliwombo ndipo silimasuntha, ngati wina analikhomera ndi msomali. Ine ndili pakhonde ndikuphika nyemba zanga zachangu zija, zimene ndinakubweretseranikoni tsiku lina mu kontena: nyemba zowiritsa dzulo lake, kanyama kogaya pang'ono, anyezi, adyo, matimati ndi tsabola wa kambuzi, zonse mu poto mmodzi, mpunga pambali. Zimapsa munthu asanamalize kusamba. Ndiye ndikuti ndikupize moto, mbaula inatsokomola n'kunena kuti, "Mayi, ine ndiye ndatopa."

Ndinati, "Tonse tatopa. Yaka."

"Chindigulireni simunandipatsepo tchuthi," inatero. "Ngakhale Lamulungu."

"Nanga ine anandipatsa ndani?"

Inayaka monyinyirika, mbali imodzi yokha. Ndiye ndinatenga anyezi, ndisanamudule n'komwe anayamba kulira yekha, misozi chuchuchu pathebulo. Ndinamufunsa chavuta n'chiyani. Anati, "Lero ndilira ndine. Inu pumulani, mwalira mokwanira sabata ino." Ndinamuthokoza, ndinamudula, n'kumuponya m'mafuta. Nyama yogaya inangondiyang'ana ngati munthu amene zonse zinamuchitikira kale. Amene anavuta ndi tsabola wa kambuzi. Analipo atatu, akudumphadumpha m'mbale n'kumalira kuti mee, mee, ndipo mmodzi anathawira pansi pa mpando, ndinachita kumukoka mwendo.

Ndiye zonse zili mu poto, zayamba kubwata, Yankho anatulukira akukoka kathiraki kake kaja ka katoni ya mkaka, ka matayala a zitsekerero za mabotolo. Anakaimika pakati pa bwalo, anakamenya kawiri m'matayala monga amachitira madalaivala, mwadzidzidzi kanayamba kufufuma ngati mandasi m'mafuta. Kanakula, kanakula, kanadula chingwe choyanikira zovala, kanakankha bafa ya alandilodi mpaka kwa aneba, kenako pabwalo panaima chithiraki chenicheni cha ngolo ziwiri, koma chikadali cha katoni, m'mbali molembedwabe kuti mkaka. Yankho anakwera. Sindikudziwa kuti chitseko anachifikira bwanji. Anatulutsa chigongono pawindo ngati bambo ake, n'kunena kuti, "Amayi, ndapita. Katundu wachedwa."

"Katundu wanji? Tsika, sunadye!"

"Mundipeza kutsogolo."

Analiza hutala, nkhuku zonse za m'deramo zinagwa chagada, thiraki n'kutulukira pampata wa mpanda pomwe ngakhale wilibala sidutsa.

Ndinayang'ana mu poto, zinali zisanapse. Ndinayang'ana kumsewu, fumbi lokhalokha. Ndiye chipande chinandigunda padzanja, chinati, "Mukudikira chiyani? Senzani zonse, zikapsera m'njira." Ndinapinda chitenje kukhala nkhata, ndinasenza mbaula ndi moto wake womwe, poto pamwamba, chipande chili momwemo chikutakasa chokha, n'kuuyamba ulendo. Mpunga ndinauiwala, ndipo ndili pampata ndinaumva ukundinena kwa aneba.

Kuthamanga kwa m'maloto mukukudziwa, miyendo ngati ili m'phala. Kuwonjezera apo mapatapata anga anayamba kukangana. Lakumanzere limati tibwerere, mwana ali ndi bambo ake, ndipo kumene akupita pansi pali matailosi. Lakumanja limati ayi, tiyeni. Lakumanzere linati, "Iwe ukuyankhula chifukwa lamba wako ngwabwino. Ine anandimanga ndi waya." Ndinalivula n'kuliponya m'ngalande, ndinapitirira ndi phazi limodzi lopanda kanthu, phula likuwotcha.

Ndiye ndinafika pa rodibuloko. Migolo iwiri, chitsulo chopingasa, ndi bwana wina wa chipewa choyera ndi mimba yake. Anakweza dzanja.

"Imikani pambali, mayi. Zimitsani injini."

Ndinati si injini, bwana, ndi mbaula.

"Zimitsani mbaula."

Mbaula pamutu panga inati, "Eya, bwana akunena zanzeru," ndinachita kuimenya ndi chala kuti ikhale chete. Bwanayo anandizungulira, anandigogoda m'mawondo ndi kandodo kake, anati awa ngakutha, sakhalitsa. Anandiuza ndiphethire diso lakumanzere, kenako lakumanja, anati maindiketa ali bwino. Ndiye anatambasula dzanja. "Chiphaso cha ndiwo."

"Chiphaso chanji, bwana?"

"Ndiwo zilizonse zoyenda pamsewu waukulu zimakhala ndi chiphaso. Zikuchokera kuti, zikupita m'mimba mwa yani."

Ndinati zikupita kwa mwana wanga, wadutsa pompano pa thiraki ya katoni, kodi simunamuone?

"Tamuona. Mapepala ake ali bwinobwino. Dalaivala waulemu kwambiri." Anasuzumira mu poto. "Popeza chiphaso mulibe, tilawe."

Anatapa chipande chodzaza n'kumeza. Kambuzi anamupeza. Maso anatong'oka, anavula chipewa kuti adzikupize, ndiye pansi pa chipewapo panali nyanga ziwiri. Mwadzidzidzi ndevu zinatsika, yunifolomu inagwa pansi, pamsewu panaima tonde wonunkha, wezulo ili m'khosi. Mu poto tsabola anakuwa kuti, "Amalume!" Tonde anayankha kuti mee, misozi ili m'maso, n'kuyamba kudya buku lake la milandu. Ine ndinawerama n'kudutsa pansi pa chitsulo, khala ngakhale limodzi osagwa.

Ndiye msewu unakhota n'kulowa m'shedi yathu ino. Eee, ino yomwe. Phula linadutsa pakati pa matumba, mathiraki akudutsa uku ndi uku, inu mwakhala pamzere woyera pakati pa msewu mukusankha mtedza ngati palibe chikuchitika. Iwe Filesi unavala diresi laukwati ndi magambuti. Unandiyang'ana n'kunena kuti, "Wachedwa, dzina lako aliitana kawiri." Iwe Nachisale unangondithira mtedza wowola m'thumba la yunifolomu, unati kamba wa panjira. Kapitawo wathu anatulukira wotchi ili m'manja, anatsegula pakamwa kuti andikalipire, koma nthenga zinamera m'khosi, anadumphira pamwamba pa matumba n'kumakupiza mapiko.

"Kokoliriko! Mayi a Yankho, thumba lanu silinadzaze!"

Ndinati ndikubwera, bwana, ndikampatse kaye mwana chakudya.

"Kokoliriko! Ana amadya Lamulungu!"

Anaulukira pamutu panga, anajompha nyemba zingapo, tsabola anamutsamwa, anagwera m'thumba lopanda kanthu, ndipo iwe Filesi unalimanga pakamwa n'kupitiriza kusankha mtedza.

Potuluka m'shedi ndinamva fungo la kupserera. Chipande chinati, "Msuzi wauma. Akulawa ndi ambiri." M'mbali mwa msewu munali mayi wina wogulitsa matimati, atawasanja milu milu pathandala, ndipo matimatiwo ankayimba ngati kwaya ya mvano, aakulu kumbuyo, aang'ono kutsogolo. Ndisanapemphe, anayi akupsa kwambiri anasiya nyimbo n'kudumphira mu poto okha. Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda patapata, anati, "Ndinu mayi ake a dalaivala wamng'ono uja? Wasiya uthenga."

"Wati chiyani?"

"Wati musathamange, mawondo anu amalira usiku."

Ndinafunsa kuti walowera kuti. Anandilozera ndi mlomo, ndiye kumene analozako msewu unatalika ndikuuona, ngati lasitiki.

Mwadzidzidzi ndinapezeka ndaima pa sikelo yoyezera kulemera kwa mathiraki, chitsulo chachitali choyala pansi. Pawindo la kaofesi panali mayi wa magalasi, milomo yopaka zofiira. Sikelo inabuula kunsi kwa mapazi anga, inati, "Mayo ine! Tsikani, mundithyola msana!"

Mayi wa magalasi anayang'ana makina ake n'kupukusa mutu. "Mwapyola muyeso, mayi. Mukulemera kuposa thiraki ya simenti."

Ndinati ine ndine munthu wowonda, ndipo poto uyu ngwamng'ono.

"Si poto," inatero sikelo. "Ndi tulo. Muli ndi tulo ta zaka zisanu kumsana, timene simunagone. Mwatimanga bwino, koma tikulemera."

Ndinagwira kumsana. Zoonadi, kunali chimtolo chomangidwa ndi chitenje ngati mwana wobereka, chofunda, chikupuma.

"Tsitsani china chake," anatero mayi uja, ndipo poyankhulapo milomo yake inkatalika, inkaphwatalala, mpaka inasanduka mlomo wa bakha, magalasi ali pomwepo. "Kwaa. Malamulo ndi malamulo. Tsitsani poto kapena mwana."

"Mwana sindinamunyamule. Ndi amene ndikumuthamangira."

"M'makina mwathu akuoneka kuti mwamunyamula," anatero bakha. "Ndipo ndiye wolemera kwambiri. Sainani apa kuti mwamutsitsa. Mukatero mudutsa mopepuka, mukafike kwanu, mukagone mpaka Lolemba."

Anzanga, ndikuuzeni zoona, cholembera ndinachigwira. Mpaka Lolemba! Ndinaganiza za bedi, chitseko chotseka, popanda wondigwedeza mbandakucha kuti amayi tamverani, ya mafuta ikudutsa. Ndinaganiza zoweruka osathamangira minibasi, osawerengera kuti mwana ali yekha pachulu. Dzanja linatsika lokha mpaka papepala, nsonga ya cholembera inakhudza pamzere. Ndiye chipande chinatuluka mu poto n'kundimenya pachala.

"Mchere," chinatero.

Ndinati chiyani?

"Simunathire mchere. Mukufuna mwana adye zozizira?"

Ndinasiya cholembera n'kuyamba kufufuza mchere. Ndinaupeza pamfundo ya chitenje, ndinatula poto, ndinathira, ndinalawa padzanja, ndipo pamene ndinkati nditembenuke ndinapeza bakha walowetsa mutu wonse mu poto, akumeza osatafuna. Anautulutsa magalasi atachita nthunzi, anakuwa kwaa kwaa n'kuthamangira kungalande kukamwa madzi, pepala lija litamatirira kuphazi kwake. Sikelo inandinong'oneza kuti, "Pitani msanga. Ndinena kuti sindinakuoneni."

Apa miyendo inali itatha. Ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu, katundu yense ali pamutu, tsitsi likununkha utsi. Pafupi panali chilole chakale chonyamula njerwa, chofera panjira, nthambi za mitengo zitayalidwa pamsewu kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Chinatsegula getsi limodzi n'kundiyang'ana.

"Achemwali, ulendo wakuti?"

Ndinachifotokozera.

"Kamtsikana ka thiraki ya katoni? Kanaima pano. Kanandisisita pamphuno, kanandifunsa ngati ndadya. Zaka makumi atatu ndili pamsewu, palibe anandifunsapo zimenezo." Chinapuma utsi wakuda. "Kwerani. Koma mundithireko kanthu m'thanki, ndauma."

Ndinathira zipande ziwiri za nyemba m'thanki. Chinatsokomola, chinayetsemula, ndipo pepani poti mukudya, chinaphwisa kamodzi mwamphamvu n'kulira. Ndinakwera pamwamba pa njerwa, tinanyamuka. Liwiro lake, agogo ena oyenda ndi ndodo anatipitirira n'kutipatsa moni. Pachitunda chilichonse chimati, "Achemwali, tathandizanani," ine n'kutsika kukakankha, moti sindikudziwa kuti ananyamula mnzake ndani.

Tili pamtsetse ndinachifunsa kuti, "Inu amene muli momwemo, mwana wanga amakukonderani chiyani? Mumanunkha, mumasokosa, mumamuthira fumbi m'maso."

Chinaganiza mtunda wautali ndithu. "Sindikudziwa," chinatero. "Mwina n'chifukwa choti ife tikalemedwa timalira mokweza, aliyense amamva. Inu mumangoti zii, mwana n'kumachita kukuyang'anani kumaso kuti adziwe."

Ndinafuna kuchiyankha koma njerwa imodzi inati, "Mayi, mwandikhalira pankhope," ndiye nkhani inathera pomwepo.

Ndiye tinafika pamalire. Sindikudziwa kuti a dziko liti. Panali chipata chachikulu ndi kawindo kamodzi. Chilole chinati, "Ine pothera panga ndi pano, mapepala anga anadyedwa ndi chiswe," n'kutseka getsi lake lija. Pakawindopo panakhala bambo wowonda wa tayi, atanyamula chidindo m'mwamba. Dzanja lake limatsika pang'ono, kubwerera, kutsikanso pang'ono. Diso lina linkayang'ana ine, lina linkayang'ana poto. Mwadzidzidzi khungu lake linayamba kusintha mpaka linafanana ndi chitenje changa, maluwa ake omwe, ndiye ndinazindikira kuti ndikuyankhula ndi bilimankhwe.

"Cholinga... cha... ulendo?"

"Kudyetsa mwana."

"Mukakhalako... masiku... angati?"

"Mpaka amalize m'mbale."

Anachedwa nacho chidindo chija moti ndinayamba kusinza chiimire. Kenako lilime linatuluka, lalitali ngati chingwe cha pachitsime, linalowa mu poto n'kubwerera ndi nyama yonse yogaya. Bambo uja anafiira thupi lonse, dzanja linamupulumuka, chidindo chinandigwera pamphumi, phaa, chipata n'kutseguka.

Kutsidyako dzuwa linali litazuka pamsomali paja, litapendeka, kukuwomba kamphepo. Kunali dambo lalikulu la udzu wofewa, ndipo m'dambomo munagona mathiraki mazanamazana ngati ng'ombe, matayala atawapindira kunsi, ena akubzikula, ena akuliza mkonono. Pakati pake ndinaona thiraki ya katoni, pambali pake pali ina yoyera yonyezimira imene ndinaidziwa. A Wyson anakhala pasitepe yake, Yankho ali pamwendo pawo.

Njira yonse ndinkakonza mawu owalalatira. Koma bambo aja anali atatopa, anzanga. Maso ofiira ngati angawa, ndevu zosameta, mapazi otupa. Ndinatula katundu wanga, khosi linalira ngati chitseko chakale. Ndinavundukula poto. Munatsala pansi penipeni, nyemba zowerengeka ndi kamsuzi, m'mbali mopserera, nyama yonse atadya akuluakulu a m'njira. Ndinachita manyazi moti ndinafuna kuvundikiranso.

A Wyson anatulutsa jumbo ya tchipisi ndi nkhuku yokazinga. Anati, "Waona? Ndi zimene ndimanena zija. Yankho, idya izi."

Yankho anayang'ana jumbo, anayang'ana poto. Ananunkhiza zonse ziwiri, nkhope ili ya ntchito ngati makaniko. Ndiye anatenga tchipisi cha bambo ake n'kumasunsa mu poto wanga. Anadya, anadya, mphuno ikuchucha ndi tsabola, mpaka kupala pansi ndi chala. Kotsiriza anawapatsa bambo ake pakamwa. A Wyson anatafuna, kenako anati, "Ukuthirabe adyo wambiri."

Ndinati, "Munandiphunzitsa ndinu, pa kasitovu ka parafini kuseri kwa thiraki, tisanakwatirane."

"Ndikukumbuka," anatero, maso ali pansi.

Ndiye ndinatembenukira kwa mwana. "Iwe, wandithamangitsa dziko lonse chifukwa chiyani? Ukupita ndi adadi ako?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Ayi. Ndimafuna kumene mathiraki amagona. Adadi ndimangowafunsa njira."

"Kudzatani kuno?"

"Si inu mumati mwatopa? Tsiku lililonse mumati mwatopa. Kunyumba simugona, mumangotembenukatembenuka. Ndiye ndabwera kudzakupezerani malo."

Ndinamupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. Kenako mawu anatuluka okha, osanjenjemera, amene anandikanika m'minibasi muja. Ndinati, "Bambo a Yankho, Loweruka mubwere. Mudzamukweze, mukazungulire naye, alize hutala mpaka akhutire. Akatsekera sukulu muzidzamutenga sabata ziwiri. Koma kwawo ndi kwa ine."

Anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma thiraki yawo inayasamula, inati, "Bwana, zamveka zimenezo. Tiyeni tigone, mawa tili ndi ulendo wa ku Beira." Iwo anandiyang'ana, anayang'ana mwana, anagwedeza mutu pang'ono, n'kutsamira tayala, maso tseke.

Yankho anaimirira, anapita kumbuyo kwanga n'kuyamba kundilondolera ndi manja monga amachitira anthu thiraki ikamabwerera m'mbuyo. "Bwerani, bwerani, amayi. Kumanzere pang'ono. Bwerani. Pang'ononso. Basi!" Anandiimika pakati pa thiraki ya nzimbe ndi ya thonje. Anandigoneka paudzu, anandiikira mwala kuphazi kuti ndisagubuduke, anakoka chilona chophimbira katundu n'kundifunditsa mpaka m'khosi.

"Mwakoka handibuleki?" anandifunsa.

Ndinati ndakoka.

"Tsekani magetsi."

Ndinatseka maso. Anzanga, kukoma kwake! Thupi lonse linamira mu udzu, msana unawongoka, phazi lopsa lija linazizira. Kumanzere nzimbe zikununkhira, kumanja thiraki ya thonje ikupuma pang'onopang'ono, kadzanja ka mwana kakundisisita paphewa. Ndinamva tulo tikubwera kuchokera kumapazi, tafika m'mawondo, tafika m'chiuno, tatsala pang'ono kufika pachifuwa, ndiye penapake panayamba kutsokomola.

Kho! Kho-kho! Pfuuu!

Ndinati ndi thiraki iti yopanda ulemu imeneyi, ndinakokera chilona kumutu, koma kutsokomolako kunapitirira, kenako ndowa inalira ngwee pasimenti, ndi mawu a mayi a nyumba ya kuseri akukuwa kuti, "Madzi abwera! Madzi abwera, tungani asanapite!"

Unali mpopi wa pabwalo. Chilona linali bulangete langa, mwala wa kuphazi unali mutu wa Yankho, atagona chopingasa kumiyendo, kukamwa kuli yasa. Kunja kunali kutangoyamba kuyera. Ndinachotsa phazi pang'onopang'ono kuti asadzuke, ndinatenga ndowa ziwiri n'kukaima pamzere.